Kumwamba Si ku Chitengwa

Halale,
Juni, 1913

Kwa alongo anga aFilomena, kwathu kunsi kwa Chongoni,

Ine Gervazio, mwana wa aNabanda, kalaliki wa m'sitolo ya nsalu kuno ku Halale, munthu amene ndinakhala pa benchi ya sukulu mpaka Chilatini chinayamba kunditulukira m'mphuno, ndabwera pamaso panu ndi dandaulo lalikulu. Nyemba zimene munapatsira aFunsani zafika. Ndinazilandira ndi manja awiri, ndinaitana anzanga, ndinabwereka ndi mphika womwe. Pomasula thumba, nyemba zija zinayamba kuyenda zokha. Alongo, inu munanditumizira mudzi wa anankafumbwe, akuluakulu ndi zidzukulu zawo, nyembazo zinali nyumba zawo chabe. Chondiwawa koposa n'chakuti iwo awoloka Zambezi osafunsidwa chitupa, pamene ine, munthu wobatizidwa, sindidutsa msewu popanda wapolisi kundikodola. Mlandu uwu ndautsegula, chigamulo muchipeza kumapeto.

Tsopano, popeza ndinaleredwa bwino, ndifunse za moyo. Kodi muli bwanji nonse kumeneko? Chisanu cha mwezi uno ndikuchidziwa, chija cholowa ndi m'mafupa momwe. Ine ndili bwino. Ntchito ndi yomweija, kuyeza nsalu ndi kumvera mzungu akulalata m'Chinyanja chake chothyokathyoka, chimene amati ndi ine amene sindikuchimva.

Ndikudziwa kuti akuwerenga kalatayi mokweza ndi alamu anga aBonifasio, amuna anu, aphunzitsi a m'mudzi. Alamu, muwerenge zonse. Mukafika pa dzina lanu musatsokomole n'kulumpha mzere, alongo anga amakudziwani katsokomoledwe.

AFunsani sanabwere ndi nyemba zokha. Andiuza kuti amayi chifuwa chawagwira chikololereni, ndipo aonda. Andiuzanso kuti asiya kalasi ya ubatizo. Nditafunsa chifukwa, akuti alamu ankaphunzitsa kuti Ufumu wa Kumwamba ndi mudzi waukulu wa kutali, kumene munthu amapita atasiya zake zonse. Amayi anatuma munthu kukafunsa kuti mudziwo ndi wa kuchikazi kwa yani. Atamva kuti ndi wa Mulungu, akuti anayankha kuti iwo sanatengedwepo chitengwa ali namwali, abambo ndiwo anabwera kudzamanga pa malo a agogo, ndiye sangayambe ndi imvi kukatunga pa chitsime cha eni ndi kumafunsa poika mtondo. Akuti iwo akagona kumsitu, pambali pa amayi awo. Alamu anatumiza yankho lakuti wokana Ufumu akupita kumoto. Amayi anabweza lawo, kuti ndi chisanu cha chaka chino moto si chinthu choopsezera nkhalamba.

Ndinaseka mpaka aFunsani anandigwira phewa. Kenaka kuseka kunatha, chifukwa chifuwa chija sichidikira kuti alamu ndi apongozi awo atsirize kukangana.

Ndipo alamu, mawu akuti anatuma munthu ndawamva bwino. AFunsani akuti mukamaphunzitsa m'kachisi waudzu uja, amayi amakhala panja kuseri kwa chipupa, popeza mkamwini ndi apongozi saonana maso. Inu mukuyang'ana kum'mawa, iwo kumadzulo, pakati pali dothi, ndipo mphepo ya ku phiri ikutenga theka la mawu. Mwambo sindikuunyoza. Koma Ufumu wa Mulungu wodutsira pa ming'alu ya chipupa ungafike bwanji wathunthu? Wafika monga nyemba zanga.

Ndikuuzeni tsono zimene ndaona kuno. Mukumukumbukira Yohana wa ku Mphunzi, uja ankaimba mokweza kuposa belu? Tinamuika mwezi watha. Anadwala m'chifuwa kumalo oumba njerwa kumene ankagwira ntchito. Ndinakamuona Lamulungu masana, ali gone pa chiguduli, ndipo anandifunsa ngati mzimu wa munthu ungadziwe njira ya ku Mphunzi kuchokera kuno, chifukwa iye anabwera ndi ulendo wa anthu ambiri, njirayo sanaisunge. Sanadikire ine wa Chilatini uja. Anadziyankha yekha. Anati palibe kanthu, iye akangopita kwa Atate, ndipo a kwawo akamupeza komweko, popeza kumeneko n'kufupi chimodzimodzi kuchokera kulikonse.

Tinamuika m'dothi lofiira la eni, popanda malume ake, popanda mlongo womulira. Anakumba manda ndi Myao wina wogwira naye ntchito, Angoni awiri amene makolo awo mwina ndiwo anathamangitsira agogo athu m'mapanga, ndi mwana wa dziko lino amene sitimvana naye chilankhulo. Mayi wina wosamudziwa n'komwe anavula nsalu yake yapamwamba kuti timukulungire. Alongo, anthu amenewa si mbumba imodzi. Palibe mfumu ya pansi pano imene inawatuma. Koma tsiku limenelo anachita ngati ana a mimba imodzi, ndipo ndinazindikira kuti Ufumu uja ndinauphunzira pa benchi si wa kuseri kwa mitambo kokha. Unayamba kale, umaonekera apa ndi apo, monga khasu likapalula dothi n'kuonetsa mbatata.

Ndiye mukawauze amayi motere. Funso lawo ndi lanzeru, wolakwa ndi woyankha. Kumwamba si ku chitengwa. Wotengedwa amapita kwa eni, koma Mulungu si mwini wachilendo. Ndiye kholo la agogo awo ndi la agogo a agogo awo, yemwe uja ankamupempha mvula ife tisanabadwe. Mudziwo ndi wa kwawo kwenikweni, uwu wa ku Chongoni tinangobwerekedwa. Yesu muwafotokozere ngati mwinimbumba, mlongo wamkulu amene anatsogola kukalambula malo, amene amaimira mlandu wa mbumba yake ndi thupi lake lomwe. Ubatizo ndi kungovomera kuti ndine wa mbumba imeneyo. Kumeneko sakapempha poika mtondo. Kumeneko kulibe mtengwa, kulibe mkamwini, kulibe wa chitupa. Ngakhale alamu aBonifasio akakhala nawo pa mphasa imodzi osathawira m'chimanga, ndipo chozizwitsa chimenecho chokha n'choyenera kupitira.

Akafunsa za abambo, ndipo afunsa, musaname. Abambo anamwalira ali munthu wa kudambwe, gule anavina pa maliro awo, madzi a ubatizo sanawakhudze. Kumene ali ine sindidziwa, ndipo alamu nawonso sadziwa, ngakhale ali ndi ndodo yolozera pa bolodi. Chimene ndikudziwa n'chakuti woweruza ndi Mfumu imene inaona abambo akugawa nkhokwe yathu chaka cha njala chija. Mlandu wawo ndausiya m'manja amenewo, ndipo mtima wanga uli m'malo.

Muwauzenso ichi, chimene chandivuta kulemba. Ine ndili kuno kumene Yohana wagona. Ndikufuna kubwera chaka chamawa akakolola, koma naye ankafuna. Ngati munthu kwawo ndi kumsitu kwa amayi ake kokha, ndiye kuti dothi lofiirali likanditenga, aNabanda ndi mwana wawo wamwamuna asiyana mpaka kalekale. Ine zimenezo ndakana. Pali mudzi umodzi wokha umene njira ya ku Halale ndi njira ya ku Chongoni zimakathera pamodzi. Sindikuwaopseza ndi moto, ndikungowapempha kuti tipangane pokumana.

Pempho langa ndi limodzi. Alongo, kalasi ya amayi muitenge ndinu. Alamu akuphunzitseni mafunso, inu mukakhale nawo amayi padzuwa, pa mphasa imodzi, mukusola nyemba, muziwauza pang'onopang'ono ndipo muziwalola kubweza mawu mmene amachitira. Abambo ansembe a ku mishoni akamadzayendera midzi, mukawafotokozere za chifuwacho msanga, musadikire kuti amayi aloweze zonse. Ndapatsira munthu wa ulendo uno nsalu yoyera ya ubatizo, ndayeza ndekha, mzungu akuyang'ana kumbali ina ya sitolo koma mtengo ndalipira, alamu musayambe ulaliki. Ngati amayi akana, musawakakamize. Muwafunditse nsaluyo poteteza chisanu. Koma ine ndimawadziwa aNabanda. Sanalolepo mwana wawo kupita kutali popanda iwo kudziwa kumene akamupeze.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwagwire dzanja m'malo mwanga. Moni kwa amalume, kwa azakhali a ku Lobi, kwa ana anu onse, makamaka Jesinta amene ndikumva kuti wayamba kuyankha ngati agogo ake. Moni kwa alamu, amene ndikukhulupirira kuti afika pano asanang'ambe pepala. Mukapeza wopita ku Mphunzi, akauze a kwawo kwa Yohana kuti mwana wawo anaikidwa ndi manja a anthu, ndipo tinamuimbira, ngakhale mosafika pa mawu ake.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tionane, kuno kapena kwathu kwenikweni.

Ndine mlongo wanu,
Gervazio

Za mlandu uja musaganize kuti ndaiwala. Nditaunika manyazi amene ndinachita pamaso pa anzanga, mphika wa eni umene ndinabweza wouma, ndi malovu amene ndinameza pachabe, ndagamula kuti mulipe mbuzi imodzi pa nankafumbwe aliyense, ndipo mbuzizo zibwere zokha wapansi, iliyonse itanyamula chitupa chake pakamwa. Mukalephera, mlanduwu ndikautula ku bwalo la Kumwamba. Mboni yanga ndi amene analima nyembazo, aNabanda. Muwauze kuti popanda iwo mlandu suzengedwa, ndipo ine ndikakhala pakhomo ndi thumba langa mpaka atafika.