Batani Limodzi la Amayi

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA BANJA

Tsiku: Loweruka, 14 Juni
Malo: Pabalaza pa Amayi
Opezeka: Achimwene (Wapampando), Amayi, Achemwali, Alamu (amuna awo a Achemwali, wamagetsi), Chitsiriza (Mlembi)
Osapezeka: Amalume, akuti mwendo.

1. Mawu otsegulira
Wapampando anakumbutsa kuti manja a Amayi sakuthanso kukoka zingwe za zotchinga mawindo, ndipo akalephera kutsegula ndi kutseka nyumba okha, asamukira kwa Achemwali. Amayi anati sanafunsidwe. Achemwali anati bedi ayala kale.

2. Lipoti la ntchito
Alamu anati aika mota pa chotchinga chilichonse, ndipo mawaya onse awakokera ku kabokosi ka m'khonde, kuti batani limodzi lizikweza ndi kutsitsa zonse. Anafotokoza motalika zedi. Mlembi walemba zomwe anamva.

3. Kuyesa
Amayi anadina ndi chala chimodzi. Zotchinga zinakwera, pabalaza panayera, anthu anaomba m'manja. Koma cha kukhitchini, chomwe chinali chotsegula, chinatsika. Alamu, thukuta lili kamukamu, anavomera kuti anasinthanitsa waya wokwezera ndi wotsitsira.

Achemwali anati, "Mwaonatu? Aziphika mumdima?"

Amayi anati, "Apongozi, mwandigwirira ntchito. Windo limenelo limapenya kwa aneba aja ondiwerengera mapoto."

Wapampando anachenjeza kuti madzulo, zina zikamatsika, chimenecho chizikwera. Komiti inagwirizana kuti waya awongoledwe lero lomwe, koma kukhitchini kukhale ndi batani lakelake.

4. Chigamulo
Amayi sakusamuka. Onse anakweza manja. Achemwali anakweza mochedwa, akupukuta misozi, nati iwo amangoopa foni ya uthenga woipa. Amayi anawagwira dzanja. Mlembi anasangalala kwambiri, ndipo sakubisa.

5. Zina ndi zina
Amayi anapempha kuti adinenso. Analoledwa. Atadina kangapo, Alamu anati mota itentha. Sanamvedwe.

6. Msonkhano wotsatira
Loweruka loyamba la Julayi, malo omwewa.

7. Kutseka
Msonkhano unatha 11 koloko m'mawa. Wapampando asanatseke bwinobwino, Amayi anaimirira pakhomo nati, "Yendani bwino kwanu, ana inu. Ine kwathu ndafika kale."

Wapampando: ____________
Mlembi: ____________