Mpeni umodzi wasowa kwa a Ohliger

Solingen, 14 Novembala

Okondedwa achemwali Heike,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumeneko. Kodi bondo la amayi likuwalola kuyenda tsopano? Ine thupi lili bwino, koma mtima uli m'mwamba. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndingalire, amayi n'kumva.

Nkhani ndi ya a Ohliger, bambo okalamba amene ndimawasamalira kuno. Paja ndinakuuzani kuti moyo wawo wonse akhala akusonkhanitsa mipeni yakale ya apolisi, ija ankaika kunsonga kwa mfuti, pamodzi ndi malupanga ovala pa perete. Ili m'kabati yagalasi pabalaza, yambiri chigwiriro chake ndi nyanga ya gwape ndi mutu wa chiwombankhanga. Kale ankandiphunzitsa kuwerenga manambala osindikizidwa pa mipeniyo, kuti uwu unali wa apolisi a mzinda wakuti, uku akundiseka kuti ine ndimagwira lupanga ngati chipande.

Tsopano mutu wawo wayamba kusokonekera. Lolemba masana ndikusenda mbatata, nditacheuka ndinawapeza ataima pakhomo la khitchini, mpeni uli m'manja, chimake chili pansi. Anandifunsa mwaulemu kuti ndine yani, ndipo wandituma ndani kudzaba. Ndinawauza kuti ndine Doreen, ndikuwaphikira supu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka, akuti nanga bwanji supuyo ikuchedwa.

Madzulo ake ndinakiya kabati n'kubisa kiyi m'thumba la diresi. Koma powerenga ndinapeza kuti malo amodzi ali opanda kanthu. Umene anagwira uja ndinabwezamo ndekha, ndiye wasowawu ndi wina.

Ndinaimbira mwana wawo Volkmar ku Düsseldorf. Anangoseka, akuti ife ochokera kummawa kwa dziko lino timaopa ngakhale supuni. Akuti mipeni ya pa perete ndi yobuntha, singadule ndi batala yemwe, ndipo ndisayerekeze kuchotsa kanthu m'nyumba ya bambo ake. Adokotala nawonso akuti abwera kumapeto kwa mwezi.

Volkmar waiwala kuti bambo ake anagwira ntchito yonola mipeni kufakitale zaka makumi anayi. Bambowo dzina langa amaliiwala, koma manja awo sanaiwale ntchito. Lachitatu m'mawa ndikuchokera kogula buledi, ndinamva mwala wonolera ukulira m'chipinda chapansi. Ndisanatsike anatulukira pamasitepe, manja ali akuda, nkhope ili yowala ngati ya mnyamata. Akuti tsopano wakuba uja abwere.

Achemwali, wakuba akunenayo ndine.

Ndafunafuna pansi pa matiresi, m'mabokosi, ngakhale m'nsapato zawo zazitali, osaupeza. Kuthawa ndikanathawa, koma ndikachoka adya chiyani? Akakhala bwinobwino amanditchula mwana wawo n'kundisungira keke yawo.

Pempho langa ndi limodzi. Alamu a Torsten abwere Loweruka lino, adzandithandize kusaka mpeniwo, komanso adzalankhule ndi Volkmar maso ndi maso. Mwina mawu a mwamuna mnzake adzawamva. Ulendo ndi wautali, ndikudziwa, koma ndilibe wina kuno. Kalatayi ndikulemba nditatsamira khoma, maso ali kuchitseko.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma muwauze kuti ntchito ikuyenda bwino. Moni kwa alamu, kwa azakhali a Gudrun, ndi kwa ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
Doreen