Amayi Akusunga Mankhwala Ngati Chimanga

Okondedwa achimwene a Philip,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku esiteti tikudzuka ndithu, mvula yayamba, tiyi waphukira. Kalatayi ndapatsira a Yahaya a thiraki poti foni yanga simuyankha.

Musaganize kuti ndaiwala zoti maliro a bambo munalirira pa WhatsApp. Sindinaiwale. Koma lero nkhani ndi ya amayi.

Mwina mwamva kuti maiko akunja adula thandizo la zaumoyo, ati ndalama zawo zili ndi ntchito zina. Kaya ndi ntchito yanji yoposa moyo wa munthu wothyola tiyi amene iwowo amamwa. Galimoto imene inkabweretsa ma ARV ku kiliniki yathu inasiya kubwera. A Vailet, aja ankayendera odwala pa njinga, ntchito inawathera. Pano abereka dengu, akuthyola mzere umodzi ndi amayi.

Mankhwalawo alipo, kungoti n'kuchipatala chachikulu, ndipo ndimakawatengera ine. Koma amayi anamva kumunda kuti posachedwa atheratu. Ndiye mukudziwa zomwe akuchita? Akumwa lero, mawa osamwa. Otsalawo akumanga pakansalu n'kubisa mumtsuko. Ndinawapeza Loweruka ndikusesa.

Nditawafunsa anati munthu amene anaona njala ya 2002 sadya nkhokwe yonse mwezi umodzi. Ndinawauza kuti mankhwala si chimanga, ukamadumphitsa kachilombo kamazolowera. Anati Fomu 4 yanga yangondikulitsa pakamwa.

A Vailet nawo anayesa kuwalangiza. Amayi anawafunsa kuti ngati zinthu zili bwino, nanga dengu lili kumsana kwawolo n'lachiyani?

Achimwene, amayi akutha. Chifuwa chija chabwerera, dengu akumapumira nalo panjira asanafike pa sikelo.

Sindikupempha ndalama. Amayi amamvera mwana wamwamuna. Inu mutati madzi ndi owawa, akhoza kulavula. Imbani Lamlungu akaweruka ku tchalitchi, pa foni ya a Vailet ngati yanga ikukuyabwani. Muwauze azimwa tsiku lililonse. Olo muwanamize kuti akadzatha kuno muzidzatumiza a ku Joni. Ine bodza ndimadana nalo, koma limenelo ndidzaliikira umboni.

Mupereke moni kwa alamu, anawo muwauze kuti agogo awo amawatchula m'mapemphero. Ambuye akusungeni kuchilendoko.

Ndine mlongo wanu,
Triza