Mapale a ku Degue

Tete, 14 Otubulu 2011

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ulongweko, ndi kuti mwendo uja wasiya kutupa. Iwe Balbina, powawerengera amayi kalatayi usadumphe mzere.

Kuno kukutentha, ndipo fumbi la makamiyau, malole onyamula malasha aja, lili ponseponse. Ntchito yanga ndi ija ndinakuuzani: msewu usanamangidwe, makina amakumba maenje oyesera dothi, ine nkuima pambali kuyang'ana ngati mutuluke zinthu za anthu akale. Zikatuluka, lamulo limandilola kuimitsa ntchito.

Lachiwiri ku Degue, dzenje lina linatulutsa mapale ambirimbiri, mikanda ndi phulusa. Panali mudzi pamenepo, amayi, kalekale. Phale lina linali ndi chidindo cha chala m'kati, pomwe woumba anagwira dothi lisanaume, monga mumachitira inu. Ndinaikapo chala changa, chinakwana.

Ndinakweza dzanja, makina anazima. A Benedicto, enjenyeru woyang'anira ntchito yomanga msewuwu, sanakalipe. Anangoti, "Dona Ofélia, mukalemba zimenezi tiima miyezi itatu. Anthu makumi anayi awa mawa akakhala kunyumba. Muwauze nokha." Antchitowo anali atakhala pansi pa mlambe, maso ali pa ine. Mmodzi, wa kwathu ku Angónia, anati, "Alongo, mapale sadyedwa."

Ndinapempha masiku atatu, anandipatsa mpaka dzuwa kulowa. Ndinatola zimene ndikanatha, thumba limodzi. Lachitatu m'mawa ndinalemba kuti sipanapezeke kanthu, nkusaina dzina langa. Palibe anandigwira dzanja kundikakamiza. Dzulo anadutsitsapo makina osalaza, ine ndili pomwepo, ndikumva mapale akuphwanyika.

Thumbalo lili pansi pa bedi. Sindingalipereke kulikonse, poti pepala langa likuti zinthuzo kulibe. Zaka zinayi zija ndinali ku sukulu ku Maputo, inu mukuumba mbiya ndi msana wopweteka kuti ndimalize, mapeto ake ndi amenewa. Kwatsala maenje makumi atatu, ndipo ndikudziwa kale chimene ndidzalembe pa lililonse.

Mundiperekere moni kwa amalume a Fernando ndi amayi onse oumba nawo. Pa Natale, pa chikondwerero cha kubadwa kwa Yesu, musandidikire. Ndipo kutchalitchi akamafunsa za ine, musamanenenso kuti mwana wanu amasunga za makolo. Muzingoti amagwira ya msewu.

Ndine mwana wanu,
Ofélia