Mphuno ya Bambo

Daejeon,
9 Novembala, 2023.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti mawondo aja sakukuzunzani kwambiri ndi kuzizira kwayambaku. Kabichi watsabola mudatumiza uja adafika bwino, koma anzanga a mu labu adamugwera ngati dzombe, mwiniwakene n'kungonyambita chivindikiro. Ndasankha kalata osati foni, chifukwa ndikaiyamba pakamwa nkhaniyi mudzandidula ndi funso lanu lija loti ndadya kapena ayi.

Ndi za chithunzi cha bambo, chija chidanyowa namondwe atalowetsa madzi m'nyumba, n'kufufutika kuyambira m'munsi mwa maso mpaka pamlomo. Mudati, "Paja ukuphunzira zokonza zithunzi pakompyuta, tawabwezera nkhope bambo ako." Ntchito yanga ya digiri yachiwiri ndi yomweyo, pulogalamu yodzaza malo owonongeka pa zithunzi zakale. Ndidachikonza mpaka chidawala, ndipo ndi chimenecho mudaika patebulo loperekera nsembe kwa makolo pa chikondwerero cha zokolola, tonse n'kuchigwadira.

Amayi, munthu tidamugwadira uja si bambo.

Kuti pulogalamu idziwe nkhope ya munthu, timayamba taionetsa nkhope zambirimbiri, ndipo mwambo wa labu yathu ndi woti aliyense amakhala pampando n'kujambulidwa mbali zonse. Sabata yatha, poyeserera zomwe ndikanene pamaso pa ondiyesa, ndidaonetsa chithunzi cha bambo pakhoma. A Dong-ha, anzanga a mu labu omwe adanditsogolera zaka ziwiri pa maphunzirowa, adaphulika ndi phwete.

"Iwe Eun-sil, bwanji sudandiuze kuti ndife pachibale? Mphuno iyo ndi yanga, ndimaimina m'mawa uliwonse."

Ndidawauza kuti asiye zachibwana. Koma titafufuza zidapezekadi. Pamene pulogalamu idasowa chochita, idangobwereka kwa anthu omwe idawazolowera, mphuno ya a Dong-ha, masaya a wina. Anzanga adaseka mpaka misozi, ine manyazi adandigwira, kenako mtima udandipweteka. M'pamene ndidakumbukira mawu anu oti chingwe cha boti chidawathyola mphuno bambo, n'kupolera mopindika. Nyanja idawatenga ndili ndi zaka zisanu, ndipo lero ndivomere zomwe ndakhala ndikubisa: nkhope yawo sindiikumbukira. Ndidaona mphuno yowongoka bwino, ine n'kumadzitama.

Koma inu mudadziwa. Tsiku lija mudachiyang'ana nthawi yaitali n'kungoti, "Akongola bambo ako." Mudaika mpunga ndi mowa pamaso pa mlendo kuti mwana wanu asachite manyazi, ndipo zimenezi zikundiwawa kuposa kuseka kwa anzanga.

Lolemba adandiitana a Pulofesa Pyo, omwe amayang'anira ntchito yanga.

"Mwa okuyesa aja palibe adawaonapo bambo ako," adatero. "Chithunzi n'chokongola, zotsatira zili bwino. Maliza mu Febuluwale, kampani yofuna kukulemba ntchito ija ikukudikira."

Sadanene mwankhanza, amandifunira zabwino m'njira yawo. Mukudziwa kuti wophunzira sabweza mawu a mphunzitsi, ngakhale kapu ya tiyi timailandira ndi manja awiri. Komabe ndidawerama n'kuti, "Aphunzitsi, alipo woyesa mmodzi adawaona. Ali ku Tongyeong, ndipo ndi amayi anga."

Adavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Liuma limeneli udalitenga kwa yani?"

"Akuti kwa a mphuno yopindika aja."

Sadaseke, koma adasaina pepala londiwonjezera chaka.

Choncho, Amayi, mu Febuluwale sindimaliza. Ndikuyambiranso. Ndikufuna pulogalamu yodziwa kunena kuti apa sindikudziwa, yosiya malowo otuwa, kapena kuonetsa poyera kuti yangopeka. A Dong-ha akuti ndine woyamba kuthera chaka kuphunzitsa kompyuta manyazi. Aseke, ine sindibwerera m'mbuyo. Mabanja ngati lathu alipo ambiri, ndipo sindingalole kuti dzanja langa liziwagawira alendo oti aziwagwadira.

Ndikudziwa kuti ichi ndi chaka china manja anu ali m'madzi ozizira kutsegula nkhono za m'nyanja pamsika. Ndikudziwanso kuti anzanu onse mudawauza kale za tsiku lolandira digiri. Mundikhululukire. Chovala mudasoketsa chija musachibwereketse, mudzachivala, ndalumbira.

Mwezi wamawa ndibwera pa tsiku lokumbukira bambo. Chonde chotsani chithunzi ndidakonza chija, mubwezeretse chonyowa. Kuli bwino adye ndi theka la nkhope kusiyana n'kuti mbale yawo izidyedwa ndi a Dong-ha.

Mupereke moni kwa azakhali ndi onse a pamsika. Ndadya, musadandaule. Ndatsala ndi funso limodzi: mphuno ija idapindikira mbali iti? Musandiyankhe pafoni. Ndikadzafika mudzandikhazike pansi, mudzandionetse ndi chala chanu pankhope yangayi.

Ndine mwana wanu waliuma,
Eun-sil