Kalole ka bambo si dimba la kachewere

Achimwene a Cyprian,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu. Nanga mayi, maso aja ali bwanji? Ine kuno ku Joni ndilipo, kungoti kukuzizira koopsa, ndipo kushopu komwe timapenta tindege ndi timagalimoto tokongoletsera m'nyumba atichepetsera masiku a ntchito.

Koma chimene ndalembera si chimenecho. Chithunzi cha kalole kaja ndachiona, ndipo ndakwiya, ndisakubisireni. Miyezi yonseyi ndakhala ndikulumikiza tizidutswa kuti kafanane ndi lole imene malemu bambo ankatutira kachewere ku Kandeu, kuti mayi adzakalandire tsiku la chiliza, poti ine mapepala sakundilola kubwera. Ndinu amene munakakamira kuti ndikatumize kosapenta, pamodzi ndi kamfuti kanga kopopera penti ndi kompuresa, ati dzanja la mwana woyamba likhalepo. Dzanja lake n'limeneli?

Achemwali a Esnath andiuza kuti mukulengeza mudzi wonse kuti ndinakutumizirani chipangizo chakutha. Aa, manyazi mulibe? Kamfutiko n'kabwinobwino. Inuyo mwakagwira ngati mukupopera mankhwala kudimba. Munaima patali, dzuwa lili paliwombo, penti n'kumauma isanafike pakalole, n'chifukwa chake denga lachita mchenga. Pazitseko yayenderera chifukwa munachulutsa madzi n'kumangopopera pamodzimodzi. Pomwe ikusupukapo munagwira ndi manja amafuta, ndipo penti yotuwa yoyambira ija simunaikhudze n'komwe. Mumayesa ndinaiika kuti katoni idzaze?

Chandipweteka kwambiri n'choti kamfuti katatsekeka, m'malo mokatsuka, munatokosa kukamwa kwake ndi minga mpaka kuwononga singano ya m'kati mwake. Minga, achimwene! Kundiimbira foni kukanakuchotserani ukulu? Safunsa anadya phula.

Pempho langa ndi limodzi: kaloleko musakakhudzenso. Perekani zonse kwa a Esnath, pamodzi ndi singano yatsopano ya kamfuti ndi penti yobiriwira zimene ndapatsira wonyamula kalatayi. Iwo achotse zanuzo ndi sipiriti, ayambe ndi yotuwa ija, yobiriwirayo aisungunule ikhale ngati mkaka. Apopere pamthunzi, chapafupi, pang'onopang'ono, n'kumadikira iume asanabwereze. Akamaliza atsuke kamfutiko nthawi yomweyo.

Musaganize kuti poti mayi sakuonanso bwino ndiye chilichonse chipita. Iwo adzakatenga m'manja n'kukapapasa konsekonse, monga ankasisitira chitseko cha lole ija bambo akafika kuchokera ku ulendo. Zala zawo simungazinamize. Akadzapeza zokhakhala n'kufunsa kuti wachita zimenezi kwa amuna anga ndani, ine ndidzakhala ndili kuno. Amene mudzakhale mutaima pafupi nawo ndinu.

Mundiperekere moni kwa mayi, amalume a ku Manjawira, alamu ndi ana onse. Wanu ndausunga kaye, mudzaulandira kalole kakadzakonzeka.

Ndine mng'ono wanu,
Elson