Nthochi Imene Anaika Pambali Panu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo, ife amene madzi anatisiya.

Ndiyambe ndi zabwino, paja inu nkhani zoipa simunkazifuna musanamwe tiyi. Mng'ono wanga Felia wachira, mwana wamwamuna. Anabadwira m'kalasi, pasukulu pomwe anthu anathawira madzi, ndipo mphuno ndi yanu yeniyeni. Nandolo wa kumtunda wapulumuka, chinangwanso chilipo pang'ono. Koma munda wanu wa kumtsinje musaufunse, uli pansi pa mchenga ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba.

Mvula ija inagwa masiku angapo osakata, phiri osaoneka n'komwe. Kenako m'mawa wina tinamva kulindima kuchokera kuphiriko, anthu n'kumakuwa kuti Napolo watsika. Ndinagwira dzanja la Tamala, mdzukulu wanu uja munamusiya akuphunzira kuyenda, n'kuyamba kuthamangira kusukulu. Madzi amatope anatipeza panjira. Chigogo chinandimenya mwendo, dzanja la mwana n'kupulumuka m'dzanja langa. Ine anandipeza nditakodwa m'nsungwi, mwendo utathyoka. Tamala sanaoneke.

Kuchipatala ndinakhalitsako. Bambo a Tamala ankabwera ndi atsibweni, achimwene anu aja, atanyamula phala. Ndikafunsa, yankho linali limodzi: "Tikufunabe, anyamata ali kumtsinje ndi makasu." Ine kupusa, ndinkakhulupirira. Mpaka ndinawapatsa chitenje changa kuti akamupeza akamufunditse, poti kuzizira kwa kuno mukukudziwa. Kenako bambo akewo anayamba kubwera atavala chipewa tsiku lililonse, ine n'kumati ndi mphepo.

Tsiku lotuluka ndinakwera kabaza. Madzi anagwetsa mitengo ya kumanda, moti masiku ano mitumbira imaonekera panjira. Ndinasuzumira kuti ndione ngati inu munatsala. Mtumbira wanu uli bwinobwino. Koma pambali panu pali kamtumbira katsopano, pamwamba atavundikirapo kambale kobiriwira kapulasitiki. Kambale kameneko ndinagula ndine ku Nkando, ndipo Tamala sankalola kudyera m'mbale ina.

Amayi, nditafika pakhomo anaulula: anadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'chitenje changa chija, n'kuliika m'manda m'malo mwa mwana wanga. Nyimbo anaimba, kumeta anameta, ine ndili gone kuchipatala kudikira uthenga wa kumtsinje. Makasu anali atabwerera kale m'nyumba. Chipewa chija chinkabisa mutu wometa.

Mwambowu ndikuudziwa ndipo sindikuunyoza. Mabanja ambiri kuno achita chimodzimodzi kuti mizimu ya osapezeka igone. Koma mwanayu ndinabereka ndine, ndi wa mbumba yanu. Wouza dziko kuti wafa akhale wina, mayi wake ndili moyo? Atsibweni akuti, "Tinakumvera chisoni mwanawe, mtima ukanakupha." Ndinakumbuka inu mmene munkanenera mukamva kuti wina wakubisirani matenda: "Ine bodza lachifundo ayi, ndiuzeni ndilire ndithane nazo." Achimwene anu anakula nanu nyumba imodzi, koma zimenezi sanatengeko.

Chondiwawa koposa ndi ichi. Amayi ena ogulitsa tomato ku Limbuli anandiuza kuti tsidya lija, ku Mozambique, anthu anavuula ana ena amoyo, ena ang'onoang'ono osatha kutchula mudzi wakwawo. Nthawi yonse ndinali chigonere ija, palibe ndi mmodzi yemwe wapakhomo pano anawoloka kukafunsa. Akanakafuna ndani, poti anali atamuika kale?

Ndakwiya, Amayi, sindikubisirani. Bambo a Tamala timagona nyumba imodzi, ndimawaphikira, koma kumaso sindiwayang'ana. Dzana anabwera ndi lumo, akuti nanenso ndimete kuti maliro athe. Ndawauza kuti nthochi sindiimetera.

Mwendo ukulimba tsopano, ndikuyendera ndodo. Nandoloyu ndikangokolola ndiwoloka malire, ndikafikire kwa abale anu tsidya lija, ndiyende mudzi ndi mudzi mpaka nditamva zoona. Inuyo ndi amene simunandinamizepo. Ngati Tamala anafika kwa inu, bwerani kumaloto mundiuze mosabisa, ndidzatenga lumo ndekha. Mukakhala chete, ndidziwa kuti kumeneko kulibe, ndipo ndikukulonjezani kuti sindileka kumufuna.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,

Esinati